Mwana Wanga Anabadwanso Buluzi

Mwana wanga anafa Loweruka masana, ine ndili kutsogolo kwa shopu ndikulimbana ndi mayi wina amene ankafuna kabati ya magalasi pa mtengo wa mpando wothyoka. Musayambe kundipepesa. Sanafe iyeyo, anafa munthu wake wa pa pepala. Koma mukanamuona mmene anadutsira pakati pa mabedi ndi masofa, maso ali psuu, mukanati maliro ndi enieni.

Ine ndimagulitsa mipando yakale: makabati, mabedi, matebulo, chilichonse chimene anthu atopa nacho kapena chawakanika kukweza pa lole posamuka. Timagona pamwamba pa shopuyo. Kuseri kuli chipinda chosungiramo katundu, ndipo pakati pake pali chitebulo chozungulira chimene palibe akuchigula chifukwa sichingalowe pa khomo la nyumba za masiku ano. Pa chitebulo chimenecho ndi pamene anthu anayi akuluakulu, wina wa imvi kale, ankakhala Loweruka lililonse kumaponya timiyala ta manambala, ati madayisi, n'kumanamizana kuti akumenyana ndi zilombo m'mapanga.

Woyendetsa bodzalo ndi mkamwini wanga, dokotala wa mano. Iyeyo akanena kuti kukugwa mvula, onse amanyowa, ngakhale denga lili louma. Amakhala atabisa manja kuseri kwa katoni yopinda, pambali pali mabuku onenepa ngati njerwa. Enawo aliyense ali ndi munthu wake wa pa pepala. Nesi wa ku chipatala chachikulu ali ndi sing'anga wa m'nkhalango. Wometa wa pa kona ali ndi chimphona cha nkhwangwa. Mwana wanga anali ndi wamatsenga wa makutu osongoka, n'chifukwa chake anzakewo ankamutchula kuti a Makutu.

Mukhoza kufunsa kuti mayi ngati ine ndinalola bwanji zachibwana zotere m'nyumba mwanga. Mwana wangayo si kamwana, ndi bambo wamkulu. Ntchito yake ya ku ofesi inatha, ukwati nawo unatha, ndipo anabwerera kwa ine ndi sutikesi imodzi. Analowa m'chipinda chake chakale n'kukhoma chitseko. Miyezi inadutsa. Ndinkasiya mbale pakhomo n'kudzaipeza ntchentche zitakhuta, mwini wake ayi. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinadula magetsi a chipindacho, ndinaopseza kuti ndigulitsa bedi iyeyo ali pomwepo. Palibe chinasuntha. Makatani otseka, ndevu mpaka pachifuwa, fungo ngati la sofa yogona pa mvula. Amene anamutulutsa ndi mlamu wakeyo ndi madayisi akewo. Loweruka loyamba anatsika ndi zovala zogonera. Lotsatira anasamba. Kenako anayamba kumeta, kundithandiza kunyamula makabati, mpaka kuseka ndi makasitomala. Ndiye ine ndinati, ngati bodza likumusambitsa, bodzalo likhale.

Tsikulo nditamva chitseko cha kumwamba chikumenyetsedwa, ndinamusiya mayi wa kabati uja ali chiimire n'kuthamangira kuseri. Ndinapeza atatuwo akungoyang'anizana, ngati ana oswa galasi.

"Mwamutani mwana wanga?"

"Wafa, Amayi," anatero Wometa, bisiketi ali kukamwa. "Chinjoka chinamulavulira moto, anatsala phulusa. Koma musadandaule, Anesi amudzutsa."

"Ndiye ngati wadzuka, chitseko changa chalakwa chiyani?"

Nesi uja ndiye anandifotokozera, pang'onopang'ono, ngati akuuza abale a wodwala zotsatira zoipa. Anati mankhwala a sing'anga wakeyo sabweza thupi lakale. Amangoitana mzimu kuti ubadwenso, ndipo thupi latsopano limasankhidwa ndi dayisi. Mwana wanga anaponya yekha, dayisi n'kugwera pa buluzi. Kanthu kolekeza m'chiuno, koyenda ndi miyendo iwiri, ka mchira, ka mawu ngati chitseko chosowa girisi.

"Ndi zomwezo basi?" ndinatero. "Ukaipa dziwa nyimbo. Bambo ake anali ndi nkhope ngati chidendene, koma ana ndinabereka nawo."

"Si nkhope yokha, Amayi," anatero mkamwini, akutsegula limodzi la mabuku aja.

"Tsekani bukulo, Adokotala. Nenani ndi pakamwa."

Ananena, ine n'kumvetsera, ngakhale theka la zimene ankanena zinali zoti munthu wabwinobwino sangazinene pagulu. Akuti m'masewerawo munthu amasankha ntchito: usilikali, matsenga, using'anga, ngakhale kuba kumene. Akafuna ntchito ziwiri, aziyendetse mofanana. Ina ikathamanga kwambiri n'kuisiya inzake kumbuyo, amamudula malikisi amene amakwerera nawo udindo. Pa asanu alionse amene wawakhetsera thukuta, limodzi limapita. Koma mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake ya kumtundu, imene siwerengedwa pa mlandu umenewu. Kwa a makutu osongoka, ntchito ya kumtundu ndi matsenga. Mwana wanga anakwera kwambiri pa matsenga, lupanga n'kumangoligwira pang'ono, ndipo panalibe vuto. Tsopano abuluzi ntchito yawo ya kumtundu ndi kutchera misampha. Matsenga aja ayamba kuwerengedwa, lupanga lili kutali kumbuyo, ndiye chindapusa chagwa.

"Mpaka liti?"

"Mpaka lupanga lifanane ndi matsenga. Mwina chaka chimatha."

"Imani kaye. Munthu wafa, wapsa, wadzuka ali ndi mchira, inu n'kumulipiritsanso chifukwa chodziwa ntchito ziwiri? Ine ndimagulitsa mipando, ndimakhoma mahinjesi, ndimasoka makushoni. Andidule ndani?"

"Ndi lamulo, Amayi."

"Analemba ndani lamulolo?"

"Anthu ena akutali, amene anapanga masewerawa."

"Amabwera kuno Loweruka?"

"Ayi."

"Ndiye mukuopa chiyani?"

Wometa anaseka mpaka bisiketi kumutsamwa. Mkamwini sanaseke. Analongedza mabuku ake m'chikwama, n'kunena kuti mlamu wake mtima ukatsika atsikanso yekha.

Sanatsike. Lamlungu makatani anali otseka. Lolemba mbale ndinaipeza pakhomo mmene ndinaisiyira. Lole ya katundu itabwera, ndinanyamula makabati ndi dalaivala, msana wanga ukulira ngati mpando wa nsungwi. Ndinakwera n'kukagogoda ndi chibakera.

"Iwe! Ukufuna kuola chifukwa cha buluzi wa pa pepala?"

"Zisiyeni, Amayi."

"Tsegula ndikuone."

"Ndati zisiyeni. Sindibwereranso pa tebulo paja. Munthu uja ndinamumanga pang'onopang'ono, ndinawerengera zonse, sindinalakwitse paliponse. Lero anzanga azikwera ine ndikukwawa m'mbuyo mwawo." Kenako anati, "Chilichonse chimene ndimanga chimapsa."

Mawu amenewo ndinawamvapo kale kuseri kwa chitseko chomwecho, ndipo nditawamva ulendo woyamba padadutsa miyezi ndisanaone nkhope yake. Ndinatsika, n'kuvala nsapato zanga zopitira kwa anthu ovuta.

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma chimodzi ndimachidziwa: pa dziko pano palibe mtengo womaliza. Amene amati "ndi womwewu, sitichotsera" ndi amene sanakumane nane. Ndinagulapo katundu wa nyumba yonse kwa mkazi wamasiye amene ankalira, ndipo pomaliza anandithandiza kukweza pa lole. Ndiye buku la anthu akutali lingandikanike?

Ndinamupeza mkamwini ku ntchito kwake Lachitatu m'mawa, atavala chophimba pakamwa, ataweramira bambo wina wadazi amene anagona chagada pa mpando, kukamwa kuli yasaa, thonje mbali zonse. Ndinakoka kampando n'kukhala pafupi ndi mapazi a bamboyo.

"Amayi, ndili ndi wodwala."

"Sathawa. Taonani mmene mwamutsegulira."

"Kunyumba kwagwanji?"

"Mukudziwa. Ndabwera tikambirane za buluzi."

Wadazi uja anatembenuzira maso kwa ine, n'kuwabwezera kwa dokotala.

Pa malonda umayambira kumwamba. Ndinati mwana wanga abwezeredwe thupi lake lakale, makutu onse awiri, chindapusa chichoke, ndipo chuma cha chinjoka chija chikhale chake ngati chipepeso.

"Sizingatheke, Amayi. Dayisi anaponya yekha, onse akuona."

"Dayisi ndi mwala. Mwala ulibe mlamu. Inu muli naye."

"Chimphona cha Wometa chinakhala chakhungu miyezi iwiri, sanadandaule. Sing'anga wa Anesi anaduka mkono, mpaka lero alibe. Ndikamukondera mlamu wanga, ndiwauza chiyani?"

"Auzeni kuti apeze amayi awo."

Wadazi anatulutsa kamawu kena m'mphuno. Sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena dzino.

Mkamwini anaika zitsulo zake pa thireyi, n'kupuma mozama. "Tamverani, Amayi. Ndikuuzani chinsinsi, koma chisatuluke. Ndinakonza kale njira. Kutsogolo m'nkhanimo kuli kachisi wa abuluzi, kumapiri. Akafika kumeneko n'kupambana mayeso a akuluakulu a mtunduwo, matsenga adzakhala ntchito yake ya kumtundu, chindapusa n'kutha. Masabata ochepa chabe. Ndimafuna adzazipeze yekha, azidzati ndadziwombola ndekha. Inu mungomutsitsa Loweruka, zotsalazo mundisiyire."

Tsono apa ndi pamene munthu wosadziwa malonda amati zikomo n'kunyamuka. Ine ndinamva chinthu chimodzi chokha: mtengo wasuntha. Kuchoka pa chaka kufika pa masabata, ndisanatukwane n'komwe. Wamalonda akatsitsa msanga chotero, ndiye kuti pansi pakadali patali.

"Masabata ayi. Loweruka lomweli. Ndipo mchira uchoke."

"Mchira sungachoke, Amayi."

"Chabwino, chuma cha chinjoka ndasiya. Mwaona? Ine ndatsika. Tsikani nanu."

"Ndatsika kale mpaka pamene ndingathe. Kupitirira apo si masewera ayi, ndi kumunamiza munthu."

"Masewera onsewo si bodza kodi?"

"Ndi bodza limene tonse tinagwirizana malamulo ake."

Ndinaimirira, n'kutenga chikwama changa. Njira imeneyi siinandikanikepo. Umanyamuka, nkhope itauma, n'kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo, ndipo usanafike panja wogulitsa amakuitana, "Mayi, tabwerani, tikambirane." Ndinatsegula chitseko. Ndinatuluka. Ndinaima m'khonde, pafupi ndi chithunzi cha dzino lovunda, khutu nditalitchera kumbuyo. Ndinakonza mpango. Ndinafunafuna chinthu m'chikwama chimene sindinataye. Anthu odikira pa benchi, ogwira masaya, ankangondiyang'ana.

Chimene ndinamva ndi kachitsulo koboolera mano kakuyambanso kulira.

Mtima unandipsa mpaka m'makutu. Mwana amene ndinamupatsa mwana wanga wamkazi, amene amadya pa tebulo langa, osandiitana? Ndinakankha chitseko n'kubwereramo, ndipo ulendo uno sindinakhale pansi.

"Adokotala, zimitsani kanthuko. Chitebulo chija ndi changa. Chipinda chija ndi changa. Magetsi amene mumawerengera mabuku anuwo ndi anga. Mkazi amene mumagona naye nyumba imodzi ndinabereka ndine, ndipo ndikachoka pano ndikupita kukamuuza kuti mchimwene wake akuolanso m'chipinda chifukwa mwamuna wake amakonda buku kuposa mlamu. Mudzadya madayisi anuwo mwezi wonse."

Anazimitsa. Anatsitsa chophimba chija, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Wadazi anali atasiya ngakhale kuphethira.

"Chabwino, Amayi. Zonse zimene mwanena."

"Ndi makutu omwe?"

"Ndi makutu omwe."

"Chindapusa?"

"Chachoka."

"Ndipo iyeyo asadziwe kuti ndinabwera."

"Ine sindinena."

Ndinatuluka mapewa ali m'mwamba. Kwa odikira aja ndinati, "Lowani, lero ndi wofewa."

Madzulo ake ndinakauza chitseko cha mwana wanga kuti mlamu wake waimba foni, akuti anawerenga molakwika, zinthu zakonzeka, atsike Loweruka. Lachisanu ndinamva madzi akutuluka m'bafa, ndipo Loweruka anatsika atameta, pepala lake ndi pensulo zili m'manja. Ndinadziuza kuti, amayi inu, mutu muli nawo.

Ndinatenga kushoni yong'ambika ndi singano, n'kukhala pa khomo la chipinda cha kuseri, kuti ndione katundu wanga akuperekedwa.

Mkamwini anaimika katoni yake, n'kulankhula osayang'ana munthu. "Milungu ya m'nkhalango yamva chisoni. A Makutu adzuka m'mawa, apeza mchira wathothoka, thupi lawo lakale labwerera. Chindapusa palibe."

"Zili pa tsamba liti, alamu?" anafunsa mwana wanga.

"Palibe tsamba. Milungu basi."

"Amayi anati munawerenga molakwika."

"Tiyeni tiyambe, nthawi yatha."

Wometa anayang'ana Nesi. Nesi anayang'ana kudenga. Chimene ine sindinkadziwa n'chakuti wadazi uja, dazi lake lomwelo, amapita kwa Wometa sabata iliyonse kukachepetsa ndevu, ndipo thonje atalichotsa kukamwa pakamwapo sipanatsekekenso.

Anayamba. Analowa m'phanga lina, chilombo cha mitu iwiri n'kutulukira. Chinamenya chimphona cha Wometa mpaka kugwa chagada. Chinaluma sing'anga wa Nesi. Chitatembenukira kwa mwana wanga, mkamwini anaponya dayisi kuseri kwa katoni, analiyang'ana, kenako anayang'ana ine pa khomo paja. Ine ndinangokoka ulusi.

"Chaphonya," anatero.

Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Dayisi, maso kwa ine, chaphonya. Mwana wanga anafuna kulumpha dzenje, anaponya lake pa tebulo poyera, n'kugwa nambala yochepa moti ngakhale ine wosadziwa ndinaona nkhope zikukwinyika.

"Walumpha," anatero mkamwini. "Mphepo inamukankha."

"Koma a Makutu muli ndi mwayi masiku ano," anatero Wometa. "Zilombo zikukuopani, mphepo ikukukondani. Anthu ena milungu yawo ili kutali, siimva. Yanuyi imasoka makushoni."

"Iwe Wometa, samala pakamwa pako," ndinatero.

"Pepani, Amayi, ine ndikungotamanda. Amwene, musanalumphe dzenje linalo mufunse kaye kunyumba."

Nesi anatembenuka pa mpando, nkhope ili phee, ngati akufunsa za mtengo wa kabati. "Amayi, sing'anga wanga anaduka mkono chaka chatha. Mungandilankhulireko? Ngakhale wachitsulo ndilandira."

Mwana wanga anaika pensulo pansi. Anayang'ana mlamu wake, mlamu wake n'kubisala kuseri kwa katoni ngati ingamukwane. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Munapita ku ntchito kwa alamu?"

"Ndinakaonetsa dzino."

"Inu mumatsegula mabotolo ndi mano, Amayi."

Ndinabaya singano pa kushoni. "Ee, ndinapita. Nanga ndikanatani, ndizikuonerera ukusanduka sofa? Ndinapita, ndipo ndinapambana. Anayambira pa chaka, ndinamufikitsa pa ziro. Makutu ako ndi awo, onse awiri. Mwana wina akanati zikomo."

"Nditachotsedwa ntchito munapita ku ofesi kukakambirana ndi bwana."

"Ndipo akanandimvera ukanakhala uli pa ntchito."

"Mkazi wanga atachoka munapita kwa makolo ake."

"Anthu osadziwa kulandira alendo."

"Kunatsala malo amodzi okha, Amayi. Amodzi. Malo oti ndikagwa ndagwa ndine, ndikadzuka ndadzuka ndine. Ndipo ndi malo oti kulibeko n'komwe! Mwakwanitsa bwanji kufika ku dziko loti kulibe?"

"Pa basi," anatero Wometa chapansipansi. Palibe anaseka, kupatula Nesi amene anatsokomola.

Ndinaganiza kuti basi, akwera, chitseko chimenyetsedwa, ndayambiranso kudyetsa ntchentche. Ndinali nditaimirira kale kuti ndimutsekereze pa masitepe. Koma iye sanadzuke. Anatenga labala, n'kuyamba kufufuta pa pepala lake mwamphamvu moti chitebulo chinkagwedera. Anafufuta, anauzira, n'kulemba.

"Alamu, ndine buluzi. Malikisi muzidula mmene buku likunenera. Ndipo chilombo chija chinandimenya kawiri konse, ndinaona nkhope yanu. Dzenje nalo ndagweramo."

"Mukagweramo muthyoka mwendo," anatero mkamwini, mawu akubwerera m'malo mwake.

"Uthyoke."

"Ndiye mwathyoka. Muli pansi pa dzenje, mumdima, chilombo chikusuzumira. Mukutani?"

Mwana wanga, bambo wamkulu amene ndinamulipirira sukulu mpaka kumapeto, anakweza mapewa, anapinda zala ngati zikhadabo, n'kutulutsa kamawu kopyapyala konga khoswe wopanidwa ndi chitseko. "Achimwene a nkhwangwa! Ponyani chingwe, mchira wanga wapindika!"

Wometa anagwetsa mutu pa tebulo ndi phwete. Nesi anapukuta misozi. Ngakhale mkamwini mano ake okonzedwa bwinowo anaonekera. Ine ndinaima pa khomo ndi kushoni yanga, palibe anandiyang'ananso, ngakhale chilombo chitaluma kachitatu.

Atamaliza, mwana wanga anafunsa Wometa ngati kuseri kwa shopu yake kuli malo.

"Alipo, a Buluzi, koma tebulo ndilibe."

"Tidzagoneka chitseko chakale pa mipando."

"Chitebulo chili pano chaulere!" ndinatero. "Magetsi aulere!"

"N'chodula kwambiri, Amayi," anatero mwana wanga, akutola madayisi.

M'chipinda muja sanadzitsekerenso, zimenezo ndinene. Ankadzuka m'mawa, kusamba, kutuluka. Wometa anamupezera kantchito ku sitolo ya penti, kosakaniza mitundu. Kwa ine zinali "mwadzuka bwanji" ndi "ndapita", basi. Mwana wanga wamkazi anandiimbira foni n'kundikalipira ngati ndine mwana wake, ati mwamuna wake wataya wodwala mmodzi ndi ulemu wonse. Ndinamuuza kuti wodwalayo ndi wa pakamwa, asamudandaule. Za buluzi ndinkazimvera kwa Nesi akamadutsa: ati anafika ku kachisi kuja, analephera mayeso ulendo woyamba, akukonzekera kubwererako, ndipo anzake akumunyamula m'chikwama akamawoloka mitsinje.

Mwezi usanathe anandiuza kuti wapeza chipinda cha lendi pafupi ndi sitolo ya penti. Ine ndinkafuna atuluke m'chipinda, sindinanene kuti atuluke m'nyumba. Koma sindinalire pamaso pake. Ndinati, "Uzikagona pansi ngati buluzi weniweni?"

Anabwera Lachiwiri masana ndi munthu wa ngolo yokankha. Analowera khomo la kutsogolo, la makasitomala, n'kuyendayenda pakati pa mabedi, akugogoda matabwa mmene ndinamuphunzitsira. Anaima pa bedi lina la mutu wosema, limene mwendo umodzi ndinaulumikiza ndi guluu.

"Ili ndi zingati, mayi?"

Mayi. Osati Amayi. Chabwino, ndinati mumtima, ukufuna malonda, uwapeza. Ndinatchula mtengo woti ungagule mabedi atatu ndi matiresi omwe. Ndinadziwa chimene chichitike. Adzaseka, adzandionetsa guluu uja, ine ndidzalumbira kuti matabwawo ndi a kunja, iye adzanyamuka, ine ndidzamuitana, tidzakhala pansi, ketulo idzawira, ndipo pofika madzulo adzakhala atandiuza za chipindacho, ngati chili ndi zenera, ngati eni ake ndi anthu, ngati akudya. Pomaliza bedilo ndidzamupatsa laulere, ndi mapilo awiri.

"Chabwino," anatero.

Anatulutsa envelopu m'thumba, anaika ndalamazo pa kauntala, n'kukodola wa ngolo uja kuti agwire kumutu.

"Iwe, sunaone mwendowo?"

"Ndauona."

"Uli ndi guluu!"

"Ugwira."

"Palibe munthu amagula pa mtengo woyamba. Ndinakulera bwanji? Nena wako!"

"Mwanena kale, mayi. Mtengo ndi mtengo."

Anatulutsa bedi, analigoneka pa ngolo, analimanga ndi chingwe. Ndinatola ndalama zija n'kuwatsatira panja, shopu ndikuisiya yosatseka. Ngolo inayamba kuyenda, iye akukankha mbali imodzi.

"Theka!" ndinakuwa. "Ndachotsa theka!"

Sanatembenuke.

"Ndi matiresi! Ndi mapilo! Iwe mwana, ukumva? Tabwera tikambirane!"

Wa ngolo ndiye anacheuka, thukuta lili chuchuchu. "Bwana, amayiwa akutsitsatu."

"Kankhani, achimwene," anatero mwana wanga. "Akatsitsa chonchi ndiye kuti pali chimene akufuna."

Ndinawatsatira mpaka pa mphambano, ndikutsitsabe.